Galaja yakale yomwe tikuisandutsa nyumba: zolemba za momwe ntchito yayendera

Kuseri kwa nyumba yathu kuli galaja yomwe galimoto inatulukamo komaliza zaka 11 zapitazo. Chichokere galimotoyo, munkangokhala matayala akutha, zitini za penti youma ndi makoswe. Mlongo wanga amathera maola pafupifupi atatu tsiku lililonse panjira yopita ndi kubwera kuntchito, chonsecho kuchoka pagalajapa kukafika komwe amagwirako ndi mphindi 15 zokha wapansi. Tinagwirizana kuti tiikonze ikhale nyumba ya munthu mmodzi kapena awiri.

Mitengo sindiitchula, chifukwa imasiyana malo ndi malo ndipo mwezi ukangotha imakhala yasintha kale. Ndalama zonse zomwe tinakonza ndazigawa magawo 100, ndipo pa ntchito iliyonse ndizinena magawo omwe yadya.

4 Epulo: kutulutsa katundu ndi kuyeza

Mkati mwake ndi mamita 6 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, kutanthauza masikweya mita 24. Makoma ndi a njerwa zowotcha, olimba ndithu, opanda mng'alu woti ungadetse nkhawa. Pansi pali konkire yakale yothimbirira ndi oyilo, ndipo nditaika levulo ndinapeza kuti yapendekera kukhomo ndi masentimita 7. Magalaja ambiri amawamanga choncho dala, kuti madzi otsika pagalimoto azituluka okha. Kuchokera pansi kufika kudenga ndi mamita 2.55 kutsogolo, 2.30 kumbuyo.

Anthu angapo anandiuza kuti ndingoigwetsa n'kuyamba zatsopano. Ndinakana. Kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni womwe anthu amatulutsa padziko lonse, ndiye khoma lomwe laima kale sindikuona chifukwa choligwetsera kuti ndikagule lina. Akatswiri a zomangamanga a ku France, Anne Lacaton ndi Jean-Philippe Vassal, analandira mphoto yaikulu ya zomangamanga yotchedwa Pritzker mu 2021 makamaka chifukwa cha mfundo yomweyi yosagwetsa zomwe zilipo kale. Mumzinda wa Bordeaux, ku France komweko, anakonza ndi kukulitsa nyumba 530 za m'midadada yakale anthu ake akukhalamo. Ine yanga ndi galaja imodzi, koma maganizo ake ndi omwewo.

Ndisanatseke tsikulo ndinamata kapulasitiki ka masentimita 50 mbali zonse pakonkire, ndi tepi m'mphepete monse. Patatha masiku awiri ndinakamatula: kunsi kwake kunali timadontho ta madzi tokhatokha. Omanga galajayi sanaike chotchinga chinyezi pansi. Galimoto sidandaula chinyezi, koma matiresi ndi zovala zimadandaula.

Zadya: palibe, kupatula msana wanga.

29 Epulo: pulani yabwezedwa

Malo osungira galimoto ukafuna kuti muzigona munthu, pamafunika chilolezo. Pulani yathu yoyamba inabwerera ili ndi zolemba ziwiri. Mazenera anali ochepa: opereka chilolezo ankafuna kuti onse pamodzi akwane gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi, ndiye kuti masikweya mita 2.4, ife tinajambula 1.5. Chachiwiri, sitinaonetse njira ya paipi ya chimbudzi. Zonsezi zinali zolakwa zathu, tinathamangira kupereka tisanafunse.

Kudikira kunatidyera masabata 6. M'madera ena boma linafewetsa zinthu zotere. Ku California, ku America, kuyambira mu 2017, malamulo anayamba kulola mosavuta kuti galaja kapena kanyumba ka kuseri kakhale nyumba yogonamo, ndipo anthu ambiri achita zimenezi. Komwe malamulo sanafike pamenepo, ikani miyezi iwiri yongodikira mu ndondomeko yanu, ndipo musagule simenti nthawi imeneyi. Imauma ili m'thumba.

Zadya: magawo 6, ojambulitsa pulani kawiri ndi chindapusa cha chilolezo.

16 Juni: denga

Apa ndiye ndalama zinayambira kutuluka ngati madzi m'dengu. Denga lakale silinali la malata wamba, linali la mapepala otuwa aja a simenti yosakaniza ndi asibesitosi. Akakhala osasweka sakhala oopsa kwenikweni, koma fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa khansa ndi matenda ena omwe amadzaonekera patatha zaka makumi angapo. Mnyamata yemwe ankatithandiza anali atanyamula kale hamala kuti ayambe kuswa, ndipo ndinachita kumukuwira ali pamakwerero. Tinaitana anthu odziwa ntchitoyi. Ananyowetsa mapepala onse, n'kumamasula mabawuti limodzilimodzi, kutsitsa pepala lililonse lathunthu, kulikulunga m'pulasitiki ndi kupita nalo komwe amataya zinthu zotere. Anavala zotseka mphuno zenizeni, osati kansalu. Zimenezi zokha zinadya magawo 5 omwe sindinawaganizire n'komwe.

Denga litachoka, matabwa awiri mwa asanu ndi awiri anapezeka ovunda kumapeto komwe amalowa m'khoma. Ukawayang'ana uli pansi ankaoneka abwinobwino, koma tchizulo inkangolowa ngati mukubaya sopo. Chikomekome cha mkuyu.

Kenaka masamu a kutalika. Kumbuyo kunali mamita 2.30. Konkire yatsopano idya masentimita pafupifupi 10, siling'i enanso 10, kutsala 2.10. Munthu wamtali akakweza mkono akhudza, ndipo chipinda chaching'ono chikakhalanso chachifupi chimapanikiza mtima. Popeza denga linali litachoka kale, tinawonjezera mizere inayi ya njerwa pamakoma onse, pafupifupi masentimita 34. Njerwazo tinagula zogumula kwina, n'kuzipala matope akale. Mwa zonse zomwe tachita, iyi ndi ndalama yomwe sindidzaidandaula.

Malata atsopano tinawatulutsa masentimita 40 kunja kwa khoma kuti mvula isamawombe njerwa. Kunsi kwake tinayala pepala lonyezimira lobweza kutentha, kenako mpata wa mpweya wa masentimita 5, kenako ubweya wotchinga kutentha pakati pa matabwa. Mpatawo usatsekedwe. Malata amachita thukuta usiku, ndipo thukutalo likasowa kotulukira limanyowetsa ubweya.

Zadya: magawo 24. Ndinakonza 15.

7 Julayi: paipi ya chimbudzi

Ndinatsala pang'ono kuthira konkire ndisanakumbe njira ya mapaipi. Anandiletsa ndi pulambala, bambo achikulire omwe sataya mawu. Anayenda uku ndi uku ndi kapaipi kawo koonekera mkati kodzaza madzi, akulemba pakhoma ndi choko, kenako anati: "Achimwene, chimbudzi mwachiika apachi madzi ake mukufuna akwere phiri?"

Nkhani yake ndi iyi. Paipi ya suweji ya mamilimita 110 imafuna kutsetsereka, ndipo iwo amagwiritsa ntchito muyezo wa sentimita imodzi pa masentimita 40 aliwonse. Papulani tinaika bafa pakona yakumbuyo kumanzere, mamita 14 kuchokera pabokosi la suweji lomwe mapaipi a nyumba yaikulu amakumana. Mamita 14 amafuna kutsika masentimita 35. Ife tinali ndi 22 okha. Ine pojambulitsa ndinangoyang'ana komwe bafa lingaoneke bwino, osayeza kuya kwa bokosilo.

Panali njira zitatu: kukweza pansi pa bafa n'kukhala ndi sitepe mkati mwa nyumba, kugula pampu yopera ndi kukankha zonyansa, kapena kusamutsa bafa. Pampu ndinaikana, chifukwa magetsi akazima chimbudzi chimaimanso. Tinasamutsira bafa pakona yakumanja, mamita 8 kuchokera pabokosi, pofunika kutsika masentimita 20 okha. Zinatanthauza kutembenuza mkati monse ndi kubwereranso kukasinthitsa pulani, koma ulendo uno zinatenga masiku 9.

Pokumba ngalande, piki inaboola paipi yamadzi yopita kunyumba yaikulu, yomwe palibe ankadziwa kuti inadutsa pamenepo. Tinakhala tsiku lathunthu opanda madzi, ndipo kunyumba sanandilankhule bwino madzulo amenewo. Mapaipi onse tinawayesa tisanakwirire: kutseka kumapeto, kudzaza madzi, kusiya usiku wonse. Cholumikizira chimodzi chinkadontha, tinachimatanso.

Zadya: magawo 13.

21 Julayi: pansi

Konkire yakale sitinaiswe. Tinaitsuka oyilo, n'kuthira mchenga wosefa masentimita 2 kuti timiyala tisaboole pulasitiki. Pamwamba pake tinayala pulasitiki yakuda yokhuthala ya omanga, zigawo zake zikupitana masentimita 30, m'mphepete tikuikweza kukhoma. Wilibala inaiboola malo atatu tsiku loyamba lomwelo. Tinamata ndi tepi n'kuyala matabwa oyendapo, zomwe tikanayenera kuchita poyamba.

Konkire tinasakaniza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala. Kumbuyo inakhuthala masentimita 7.5, kukhomo 14.5, kuti kupendekera kuja kuthe. Analowa matumba 17 a makilogalamu 50.

Tinathira Lachisanu, ndipo apa ndinalakwitsa. Konkire imafuna kukhala yonyowa kwa sabata yathunthu, ndipo mphamvu zake zenizeni zimakwana pa masiku 28. Ine ndinachokapo Loweruka ndi Lamlungu, nditasiya mawu kuti azithirira. Sanathirire. Lolemba ndinapeza timing'alu tonga ulusi pafupi ndi khomo, pomwe pankawomba dzuwa. Sitinali takuya, tinatitseka ndi simenti yamadzimadzi, n'kufunditsa pansi ponse masaka onyowa. Musathire konkire tsiku loti mawa lake mulibepo.

Zadya: magawo 11.

18 Ogasiti: mazenera ndi khomo

Khomo la galimoto linali la mamita 2.4. Tinalitseka mbali imodzi ndi njerwa mpaka m'chiuno, pamwamba pake zenera lalikulu, pambali pake chitseko. Kukhoma lakumbuyo tinaboola zenera lina kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Paliponse pomwe taboola tinaika lintala, mtanda wonyamula njerwa za pamwamba pa zenera kapena khomo, yokhala pa njerwa masentimita 15 mbali iliyonse, ndipo tinkaiika kaye tisanachotse njerwa za pansi pake.

Mazenera onse ndi ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo anatsika mtengo pafupifupi ndi theka. Gulani kaye, kenako muziboola khoma motsatira zomwe mwagula. Limodzi mwa athu linali lopindika pang'ono, losatsekeka bwino, ndipo wowotcherera anatha theka la tsiku akuliwongola.

Zenera lakumbuyo linayang'ana m'bwalo la anansi athu, ndipo mayi a kumeneko anabwera kudzadandaula. Sanalakwe ayi, inenso sindingakonde. Tinalikweza kuti liyambire mamita 1.7 kuchokera pansi, n'kuikamo galasi losaonetsa mkati. Kuti muyezo wa kuwala uja ukwanebe tinalitambasula m'lifupi. Zinathandizanso mwanjira ina, chifukwa mpweya wotentha umakwera m'mwamba ndipo zenera lapamwamba limautulutsa msanga.

Zadya: magawo 12. Pulasitala ndi penti yoyamba zinadya ena 7.

9 Sepitembala: khoma likutuluka mchere

Patangotha masabata atatu tipakireni penti, khoma lakumanzere linayamba kutupa m'munsi. Penti inkafufuma ngati matuza a moto, ndipo ukaboola munkatuluka ufa woyera wonga mchere. Mzere wake unkafika m'mawondo, kuyambira pakona mpaka pakati pa khoma.

Ndinayamba ndaloza chala mmisiri wa pulasitala. Iye sanatsutse, anangonditenga n'kuzungulira nane kunja. Pakati pa khomalo ndi mpanda pali kampata ka mwina masentimita 70, komwe kwa zaka zonsezi anthu ankatayako masamba, dothi losesa ndi zigumu za njerwa. Titakumba tinapeza kuti omanga akale anaikadi kansalu ka phula kotchinga chinyezi pakati pa njerwa, koma mulu wa dothi unali utakakwirira ndi masentimita 20. Chinyezi chinkangodumpha pamwamba pake n'kulowa m'khoma. Kale galaja ili ndi njerwa zosapaka komanso khomo lalikulu losatsekeka bwino, chinyezicho chinkauma chokha osaoneka. Ife tinabwera n'kutseka pansi ndi pulasitiki, khoma ndi pulasitala ya simenti, pamwamba penti. Madzi saiwala khwawa, anangofuna potulukira pena.

Ine ndinayeza mkati monse mpaka sentimita, koma kampata ka kunjako sindinalowemo ngakhale tsiku limodzi chifukwa munali minga.

Tinachotsa dothi mawilibala 31, mpaka nthaka inatsika masentimita 15 kunsi kwa kansalu ka phula kaja. M'mbali mwa khoma tinakumba kangalande, n'kuikamo paipi yobooledwabooledwa ndi miyala, kutsetserekera kutsogolo. Mkati tinagumula pulasitala yonse kufika mita imodzi kuchokera pansi, n'kusiya njerwa zipume masabata atatu mazenera ali otsekula. Wogulitsa wina anandiuza kuti ndingopaka mankhwala otseka madzi pamwamba. Zimenezo zimangobisa, ndipo chinyezi chimakwera n'kukatulukira pamwamba pa pomwe mwapaka.

Popakanso tinagwiritsa ntchito laimu ndi mchenga, muyezo umodzi kwa itatu, wopanda simenti. Pulasitala ya laimu imalola chinyezi kutuluka pang'onopang'ono. Kuipa kwake imachedwa kuuma, ndipo tinkadikira pafupifupi sabata pakati pa kupaka koyamba ndi kwachiwiri. Komanso imawotcha khungu. Ndinagwira tsiku limodzi opanda magolovesi, ndipo nsonga za zala zinasupuka moti sabata yonse foni sinkazindikira chala changa.

Zadya: magawo 9, onse osakonzekera, ndi mwezi wathunthu.

6 Okutobala: mkati

Tisanamange kalikonse tinajambula ndi choko pansi, n'kuimika makatoni m'malo mwa bedi, kabati ndi sinki. Mlongo wanga anayendamo atanyamula beseni la zovala, ndipo pomwepo tinaona kuti chitseko cha bafa chikatseguka chizimenya firiji. Tinaika chitseko chotsetsereka cham'mbali.

Bafa ndi la mamita 1.2 kwa 2.0: shawa, chimbudzi ndi kasinki. Khitchini ndi thebulo limodzi la mamita 1.8 lotsamira khoma la bafalo, kuti mapaipi onse akhale pakhoma limodzi. Bedi tinalikweza masentimita 60, kunsi kwake madirowa anayi akuluakulu. Mashelefu akwera mpaka kusiling'i. Kalipentala anakhomera bedi ku shopu kwake, litafika linakana kulowa pakhomo, ndipo anachita kulimasula pabwalo kunja kukuda.

Mawaya anakoka ndi munthu wa satifiketi, ndipo anaika chozimitsa magetsi chokha chikamva kuti akudutsira pomwe sayenera. Pa izi musachepetse ndalama, m'nyumba yoti shawa ndi soketi zatalikirana masitepe atatu. Soketi imodzi inathera kuseri kwa kabati chifukwa tinaboola tisanamalize kugwirizana za makatoni aja.

Padenga pali mapanelo awiri a sola a mawati 300 lililonse, batire ndi inveta (yosintha magetsi a batire kukhala a m'soketi) ya mawati 1,000. Amayendetsa mababu a LED, firiji yaing'ono, foni ndi kompyuta. Tsiku loyesa, mlongo wanga analumikiza ketulo ya mawati 2,000 ndipo zonse zinazima nthawi yomweyo. Inveta inadziteteza yokha, sinapse. Tsopano masoketi a sola ndi a mtundu wina, ndipo chilichonse chotenthetsa chimapita ku magetsi ochokera kunyumba yaikulu.

Zadya: magawo 31, theka lake ndi sola ndi mawaya.

2 Novembala: thanki

Denga lonse ndi mwina masikweya mita 32. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi, ndiye mvula ya mamilimita 10 ndi malita 300 ndi kanthu. Thanki yathu ndi ya malita 1,000, ya madzi ochapira, okolopera ndi othirira. Tinaika kapaipi kopatutsa madzi oyamba otsuka fumbi ndi zitosi za padenga.

Zomwe sindinaganize n'zakuti malita 1,000 amalemera tani imodzi. Tinaikhazika pa njerwa zongosanja pa dothi lomwe tinali titangokwirira kumene, ndipo itadzaza koyamba inapendekera kukhoma. Tinaikhuthula, n'kuthira konkire ya masentimita 10 pansi pake. Choseketsa china, paipi ya madzi osefukira inkathira m'kampata komwe kaja tinavutika kukaumitsa. Tinaitembenuzira kutsogolo, kudimba.

Zadya: magawo 8.

14 Disembala: mwezi umodzi munthu akugonamo

Mlongo wanga analowa pa 12 Novembala. Masana mkati mukuzizira bwino kuposa m'nyumba yaikulu, ndipo mababu sayatsa mpaka dzuwa litalowa.

Mavuto apezeka awiri, onse a madzi. Kuseri kwa kabati yazovala kunamera chuku chakuda. Ulendo uno madzi sanachokere pansi kapena kunja, achokera mkati momwemo: nthunzi ya shawa, ya pophika, zovala zoyanika m'nyumba kukagwa mvula, ndi mpweya wa munthu wogona atatseka mazenera onse. M'nyumba yaikulu nthunzi imeneyi imamwazikana, koma m'masikweya mita 24 imakakhala pakhoma lozizira pomwe mphepo siifika. Tinasendeza kabati masentimita 5 kuchoka kukhoma, tinaboola mabowo kumsana kwake, ndipo m'bafa taikamo fani yotulutsa mpweya kunja yomwe imayaka limodzi ndi babu. Zenera lapamwamba lija tsopano limagona lotsekula pang'ono.

Lachiwiri ndi fungo la suweji lomwe linkabwera masana kukatentha. Tinafufuza masiku atatu, mpaka kukayikira zolumikizira zomwe tinakwirira. Pulambala uja atabwera ananunkhiza kamodzi, n'kutenga kapu ya madzi kuthira m'kabowo ka pansi kuseri kwa chimbudzi. Kabowoko kali ndi kapaipi kokhota komwe kamasunga madzi otsekereza fungo, ndipo popeza palibe madzi omwe amafikako, anali ataphwa. Anakana kulandira kanthu. Anangoti, "Kapu imodzi pa sabata, amayi," akuyang'ana mlongo wanga, ine osandiyang'ana n'komwe.

Fani ndi zokonzakonza zadya magawo 3. Zonse pamodzi tafika pa 124, pomwe tinakonza 100. Miyezi tinkati isanu, yakwana isanu ndi itatu ndi masiku.

Zotsala: kuika sefa wa udzudzu pazenera lapamwamba, kumanga kadenga pakhomo chifukwa mvula yamphepo ikulowa pansi pa chitseko, ndi penti yomaliza pakhoma lakumanzere. Pentiyo sindipaka msanga. Ndalemba mzere wa pensulo pomwe chinyezi chinafika mu Sepitembala, ndipo Lamlungu lililonse ndimapita kukagwira khomalo ndi kuseri kwa dzanja. Dzulo m'munsi mwenimweni, pakona, munali mukadali mozizira kuposa pamwamba, kutalika kwake ngati zala zinayi.